Nati ya kumanzere siifuna mphamvu

Kumapiri a Dowa ndi Ntchisi galimoto imadziwika mu Febuluwale, msewu wafumbi ukasanduka phala. Imadziwikanso mu Epulo ndi Meyi, mabelo a fodya akamadikira ulendo wa ku okushoni ku Kanengo. Nthawi zimenezi ndi pamene malole akale aja, amene achinyamatafe timawajambula pafoni n'kumaseka, amatuluka pansi pa mitengo ya mango n'kuyamba kudyetsa mabanja.

Amalume anga ali nayo imodzi, Bedford ya mtundu wa asilikali, yobiriwira m'malo momwe utoto udakalipo. Anaigula kwa munthu wina ine ndisanabadwe. Fizi yanga ya kusekondale inachokera m'lole imeneyi, ndipo tsiku lopita ku yunivesite ndi yomweyo inanditula pa Mponela ndi matilesi anga. Choncho anzanga akamaitcha chitsulo choyenda, ine ndimangoti zii.

Dzina la Bedford linayamba mu 1931 ku Luton, ku Britain, pansi pa kampani ya Vauxhall. Asilikali a kumeneko anayendera Bedford RL kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kenako mu 1970 kunabwera MK, ndipo pambuyo pake MJ. Onsewa ndi malole okoka ndi matayala onse anayi, opangidwira malo opanda tala. Koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Bedford inali itasiya kupanga malole akuluakulu. Tanthauzo lake kwa munthu wa ku Malomo kapena ku Nambuma ndi loti palibe shopu yomwe ungalowe n'kutchula nambala ya chitsulo, iwo n'kukutsitsira pashelefu. Lole iliyonse yotsala ikuyenda ndi ziwalo za anzake omwe anafa kale. Injini ndi ya uku, giyabokosi ya uko, marimu a kwina. Zimene zalembedwa m'buluubuku ndi zimene zili pansi pa lole nthawi zambiri sizigwirizana.

Phunziro loyamba limene amalume amapereka kwa mnyamata aliyense wofuna kuyenda nawo ndi la nati. Pa malole ambiri akale a ku Britain, manati a matayala a mbali ya kumanzere amamangidwa mozungulira chakumanzere, mosemphana ndi nati wamba. Opanga anachita dala, poganiza kuti tayala likamagudubuzika nati isamadzimasule. Ukapukuta dothi umapeza chilembo cha L pa nati kapena kunsonga kwa bauti. Wosadziwa amaika sipanala, n'kuonjezera paipi yaitali, n'kukwerapo ndi miyendo yonse. Iye akuti akumasula, chonsecho akumangitsa, mpaka bauti thyoo! Ndiye uli pakati pa phiri, dzuwa likulowa, mabelo ali pamwamba ndipo mitambo yayamba kuda.

“Mphwanga, nati ikakana usaimenye, uyambe waifunsa,” amatero amalume. Poyamba ndinkangomva ngati nthabwala za akuluakulu. Pano ndimaona kuti akunena za kupukuta ndi kuwerenga usanagwire sipanala.

Rimu nayo ili ndi malamulo ake. Kukhala ndi mabowo khumi sikokwanira kuti ikwane. Uyenera kuyeza mtunda wa pakati pa mabowo, kukula kwa bowo lalikulu lapakati, komanso kuya kwa rimu, chifukwa ina imalowa bwinobwino koma n'kumakhula dilamu ya mabuleki kapena chitsulo cha chiwongolero lole ikamakhota. Palinso maonekedwe a nati. Marimu akale ali ndi mabowo osongoka polowera, ndipo nati yake ndi yosongoka kuti ikhale m'bowomo n'kuika tayala pakati. Marimu ambiri a masiku ano amakhazikika pa bowo lapakati ndipo nati yake ndi yafulati. Ukasakaniza ziwirizi, pagalaja zimaoneka zomangika ndithu, koma ukatsika zitunda za ku Ntchisi ndi katundu, mabowo amayamba kudyeka. Chizindikiro chake ndi timizere ta dzimbiri tochoka pa nati kutsikira kunja kwa rimu. Ukationa, imitsa lole.

Pomanga, amalume salola kutsatira manati mozungulira ngati ukuwerenga mikanda. Umamanga iyi, kenako yoyang'anizana nayo, pang'onopang'ono, mpaka onse. Ukayenda makilomita ngati 50 umaima n'kukhudzanso iliyonse. Kuchoka kwathu, malo oimira amakhala pa Mponela, ndipo palibe amene amatsika kukagula chipisi manati asanaonedwe.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi rimu ya mphete. Tayala lolembedwa 12.00-20, kutanthauza mainchi 12 m'lifupi pa rimu ya mainchi 20, limakhala ndi chubu mkati, ndipo chimene chimaligwira ndi mphete yachitsulo yolowa mumzere wa m'mphepete mwa rimu. Mphete ikakhala yopindika, ya dzimbiri, kapena yochokera pa rimu ina, imatha kufwamphuka popopa, ndipo mphamvu yake imapha munthu. N'chifukwa chake mpweya wonse umayamba watulutsidwa usanakhudze mphete, ndipo popopa amalume amakulunga tcheni kudutsa m'mabowo a rimu, mphete n'kuyang'anitsa pansi, aliyense n'kuima patali. Ana amathamangitsidwa ngati nkhuku. Anthu ena amasinthira ku matayala opanda chubu a 22.5, koma amenewo amafuna rimu yawoyawo, sangavale ya 20. Ndipo pa lole yokoka ndi matayala onse, kutsogolo ndi kumbuyo kuyenera kufanana kukula, apo ayi magiya amakokana okhaokha mpaka china chithyoke.

Chaka chatha giyabokosi inayamba kulavula giya yachitatu potsetsereka. Kunatsala milungu itatu kuti msika wa fodya utsegulidwe, ndipo alimi anayi anali atapereka kale ya dizilo. Apa mpamene foni yanga inapeza ntchito. Ndinaika zithunzi m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo tsiku lisanathe anthu atatu anali atayankha. Aliyense ankati, “Ndi yomweyo, biggie, tumizani ndalama.” Amalume anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, foni ataitalikitsa kumaso, n'kuti, “Chithunzi sichikoka katundu. Tiye tikaigwire.”

Tinakwera basi mpaka ku Biwi, ku Lilongwe, ndi shafiti yakale m'thumba la feteleza. Kumeneko ndinaonera momwe giyabokosi imafunsidwira dzina. Choyamba anapala mafuta pambali kufuna kachitsulo ka nambala, koma kanali katachoka kalekale. Anawerenga mabauti a chivindikiro chapamwamba. Anawerenga mano a shafiti yolowa mukilachi, n'kuyeza kutalika kwake poigundanitsa ndi yathu ija. Anayang'ana mabowo omangira ku injini ngati akugwera pamalo amodzi. Kenako analemba chizindikiro ndi choko kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulowetsa giya imodziimodzi, ine ndikuzungulitsa kutsogolo, iwo akuwerenga kumbuyo. Pa giya yoyamba umazungulitsa kambirimbiri kuti kumbuyo kuzungulire kamodzi. Pa giya yomaliza ya bokosi la magiya anayi, ngati la MK, kutsogolo ndi kumbuyo zimayendera limodzi. Ukapeza giya yomwe kumbuyo kukuthamanga kuposa kutsogolo, dziwa kuti limenelo ndi bokosi lina, la pamsewu wa tala.

Yoyamba inalephera pa mano. Yachiwiri inali ya lole yokoka ndi kumbuyo kokha, ndipo kumchira kwake sikukanalumikizana ndi kabokosi kachiwiri kamene kamagawa mphamvu kupita ku matayala akutsogolo. Yachitatu, yonyansa kuposa zonse, inali yomweyo. Wogulitsa anaseka n'kuti, “Madala, mwandiphunzitsa katundu wanga yemwe.” Mabelo anafika ku Kanengo sabata yoyamba.

Pobwerera, m'basi, ndinaona chinthu chomwe sindinachikonde. Amalume anawerenga mano aja ndi chala, osati ndi maso. Maso awo akutha. Ana awo awiri ali ku Johannesburg, wachitatu amayendetsa kabaza wa njinga yamoto ndipo lole saifuna n'komwe. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa dizilo wakwera, ndipo pali malole ang'onoang'ono a ku Japan omwe zipangizo zake zili paliponse. Koma malole amenewo mvula ikagwa amathera pomwe tala wathera. Kuseri kwa mapiri kuja, komwe kuli mbatatesi, soya ndi chimanga, kumafikabe chitsulo choyenda chija.

Ndiye ndinagula kope la masamba 96. Ndikapita kumudzi timakhala pakhonde, iwo akunena, ine ndikulemba: mano angati, mabauti angati, nati iti ndi ya L, rimu iti inachokera pa lole iti. Zina ndimajambula mawu pafoni chifukwa amafotokoza ndi manja komanso phokoso la pakamwa, zomwe cholembera sichingagwire. Ine si makaniko ndipo sindidzakhala. Koma mnyamata amene akuyenda nawo pano, wa zaka 19, amadziwa kuwerenga, ndipo kopelo limakhala m'chitseko cha lole, m'jumbo kuti lisanyowe. Mwezi watha anandiimbira kuti tsamba la marimu ladzaza, ndibweretse kope lina.