Pepala la malamulo a Malawi liziunikidwa ndi anthu odziwa Malawi

Munthu akakwera Luas ya mzere wofiira kuno ku Tallaght, pafupi ndi The Square, sitimayo imakamutula pakhomo penipeni pa Four Courts, pamene pali makhoti aakulu a dziko la Ireland. Asanafike pamenepo amadutsa kufupi ndi Blackhall Place, likulu la Law Society of Ireland, kumene maloya ophunzira ntchito anayambitsa Hibernian Law Journal mu 1999. Kutsidya kwa mtsinje wa Liffey kuli Trinity College, kwawo kwa Dublin University Law Journal, ndiponso kwa Trinity College Law Review imene ophunzira akhala akuikonza okha kuyambira 1998. Ku University College Dublin kuli Irish Jurist, imene dzina lake linayamba kumveka mu 1848 ndipo John Kelly anaitsitsimutsa mu 1966. Ku Limerick nako kumatuluka Irish Judicial Studies Journal, yowerengedwa mwaulere pa intaneti. Zonsezi zili m'dziko limene kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 5.1 miliyoni, pamene kwathu kalembera wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Abale anga ophunzira malamulo, a ku Zomba ndi omwazikana kunja kuno, chimene ndikufuna tikambirane n'chakuti pepala labwino lonena za malamulo a Malawi liyenera kutumizidwa ku magazini ya kumudzi, kuti liunikidwe ndi anthu odziwa malamulowo ndi kuwerengedwa ndi amene amawagwiritsa ntchito.

Kayendedwe ka pepala kuno n'kodziwika. Wolemba amachotsa dzina lake ndi chilichonse chimene chingamuulule, amakonza mawu a m'munsi motsata kalembedwe kamene magaziniyo imafuna, kawirikawiri OSCOLA ya ku Oxford kapena mphukira yake ya kuno yotchedwa OSCOLA Ireland, kenako amatumiza kwa mkonzi. Mwambo wake ndi wakuti pepala limodzi limapita ku magazini imodzi, ndipo wolemba amadikira yankho asanaliyese kwina. Ku America n'kosiyana, chifukwa magazini zambiri za malamulo, ngakhale Harvard Law Review, zimakonzedwa ndi ophunzira, ndipo munthu amamwaza pepala limodzi m'malo ambiri nthawi imodzi. Mkonzi wa kuno akaona kuti pepala lili ndi mutu, amalipereka kwa akatswiri, nthawi zambiri awiri, amene sauzidwa dzina la mwini wake. Iwowa amalangiza kuti lilandiridwe, likonzedwe kapena likanidwe. Ndiyo peer review imene timaitchula mwaulemu ija, ndipo Malawi Law Journal, imene inayamba kutuluka mu 2007 Danwood Chirwa ali mkonzi, inakhazikitsidwa pa maziko omwewo. Pa ndondomeko yolembedwa sitisiyana ndi anzathuwa.

Timasiyana pa chimene wounika amatha kuchita pepala likafika m'manja mwake. Kuunika pepala la malamulo si kuona ngati Chingerezi chili chosalala. Ntchito yeniyeni ndi kutsegula chigamulo chimene wolemba watchula, kupita pa ndime imene waloza, n'kuona ngati woweruza ananenadi zimenezo, ngati anazinena monga phata la chigamulo kapena mongodutsa, komanso ngati khoti lina silinazigwetse pambuyo pake. Kuno zimenezi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chigamulo chilichonse cholembedwa cha makhoti aakulu chimapatsidwa nambala yake yosasintha, ndipo chimaikidwa pa tsamba la Courts Service ndi pa BAILII. Malamulo a nyumba ya malamulo ali pa Irish Statute Book. Wolemba akanena za mlandu wa Friends of the Irish Environment, umene khoti la Supreme linagamula pa 31 July 2020 n'kufafaniza ndondomeko ya boma ya 2017 yochepetsera kusintha kwa nyengo, amangolemba 2020 IESC 49 ndi nambala ya ndime. Wounika, kaya ali ku Cork kaya ku Toronto, amawerenga mawu omwewo amene wolemba anawerenga.

Kwathu MalawiLII yathandiza kwambiri, ndipo oyendetsa tsambali ayenera kuthokozedwa, koma loya aliyense wa ku Blantyre akudziwa kuti zigamulo zambiri zimayendabe pamanja, wina kujambulitsa, wina kutumizira mnzake pa WhatsApp. Mlandu wa Khoviwa unationetsa poyera kukula kwa vutoli. Mu April 2021 dziko lonse lapansi linamva kuti khoti la Supreme la Malawi lathetsa chilango cha imfa. Pofika August chaka chomwecho kunatuluka chigamulo chokonzedwanso, chonena kuti oweruza ambiri pa mlanduwo sanagamule zimenezo. Tsono taganizirani katswiri wa ku London amene wapatsidwa pepala lotsamira pa chigamulo choyamba chija. Ngati satsatira za kwathu tsiku ndi tsiku, alivomereza ndi mtima woyera, ndipo cholakwikacho chisindikizidwa ndi chidindo cha magazini yotchuka. Munthu amene amaphunzitsa ku Zomba kapena kuimira anthu pa khoti la ku Chichiri angachigwire pa tsamba loyamba. Pamene zigamulo zili zovuta kupeza, m'pamene wounika wodziwa za kumudzi amafunika koposa, ndiye n'zomvetsa chisoni kuti ifeyo, amene tili ndi vuto limeneli, ndi amene timathamangira kukaunikidwa kutali.

Pali chinanso chimene chimatayika, ndipo chimandiwawa kuposa choyambachi. Journal of African Law, imene yakhala ikutuluka kuyambira 1957 mogwirizana ndi SOAS ku London, ndi African Human Rights Law Journal ya ku Pretoria, ndi magazini zabwino, ndipo Amalawi alembamo zinthu zakupsa. Koma mkonzi wa magazini ya mayiko ambiri ayenera kudzifunsa ngati owerenga ake a ku Ghana ndi ku Canada angasamale za pepalalo. Funso limeneli n'loyenera kwa iye, koma limasankha mitu imene ife timalemba. Mlandu wa chisankho cha 2019, umene oweruza asanu anagamula pa 3 February 2020 n'kulandira Chatham House Prize, sungasowe malo kulikonse. Mlandu wa Kafantayeni wa 2007, wothetsa lamulo lokakamiza chilango cha imfa, nawonso uli ndi msika, chimodzimodzi mlandu wa Gwanda wa 2017 wokhudza kumanga anthu ongoyendayenda. Nanga mikangano ya ufumu imene yadzaza makhoti athu? Nanga mmene Customary Land Act ya 2016 ikukhudzira mayi wa kuchikamwini ndi mkazi wa kuchitengwa? Nanga katapila, belo ya kupolisi, chuma cha masiye? Zimenezi ndi zimene majisitireti wa ku Ntchisi amakumana nazo Lolemba m'mawa, koma wolemba wofuna kulandiridwa kunja amazipewa, kapena amawononga theka la pepala kufotokozera mlendo tanthauzo la chikamwini, n'kutsala ndi masamba ochepa a mfundo yeniyeniyo. Kuno munthu akhoza kulemba masamba makumi atatu pa ndime imodzi ya lamulo la malo la Ireland popanda kupepesa, chifukwa akudziwa kuti woweruza wa ku Four Courts awerenga. Buku la John Kelly lofotokoza malamulo aakulu a Ireland linapitirizidwa ndi Gerard Hogan ndi Gerry Whyte, ndipo Hogan lero ndi woweruza wa khoti la Supreme. Olemba ndi oweruza akumwa pa chitsime chimodzi. Gawo 11 la malamulo aakulu a dziko lathu limalola makhoti kuyang'ana zigamulo zofanana za mayiko ena, ndipo n'chinthu chabwino, koma woweruza akasowa zolemba za kwawo zomuthandiza kusefa zakunjazo, amangotsala ndi maganizo a ku South Africa ndi ku England.

Wina anena kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Akatswiri a malamulo kwathu ndi ochepa, ambiri anadutsa pa Chancellor College, anaphunzitsidwa ndi anthu omwewo monga Edge Kanyongolo ndi Garton Kamchedzera, ndipo amadziwana kalembedwe. Kubisa dzina kumakhala kwa mwambo chabe. Wounika akazindikira kuti pepala ndi la mphunzitsi wake wakale, kapena la munthu amene mawa adzakhala pa komiti yomukweza pa ntchito, dzanja limalemera. Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo sindiichepetsa. Koma Ireland nayo ndi mudzi waung'ono. Odziwa bwino malamulo a malo kapena a misonkho kuno angakwane m'chipinda chimodzi, ndipo amakumana m'misonkhano chaka ndi chaka. Chimene chimateteza pepala ndi chakuti wounika amakakamizika kulemba zifukwa zake, ndime ndi ndime, ndipo mkonzi ali ndi mphamvu yotaya lipoti lopanda zifukwa, likhale loyamikira kapena lonyoza. Komanso palibe choletsa magazini ya ku Zomba kupereka pepala kwa anthu awiri osiyana, mmodzi wodziwa makhoti athu, wina wa ku Lusaka, Nairobi kapena Dublin wodziwa nthambi ya malamuloyo. Kalumo ka mlendo kabwere ndithu, koma mwini mutu akhalepo pometapo. Ndipo Amalawi ophunzitsa malamulo ku Cape Town, ku Britain ndi kwina ali ndi zonse ziwiri: amadziwa za kumudzi, koma malipiro awo sadalira munthu wa kumudzi.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa apa, chifukwa chikukhudza nsima. Mphunzitsi wachinyamata amakwezedwa poona kumene mapepala ake anatuluka, ndipo mayunivesite ambiri masiku ano amayamba ayang'ana ngati magaziniyo ili m'kaundula monga Scopus. Ku South Africa boma limapereka ndalama ku yunivesite pa pepala lililonse lotuluka m'magazini yovomerezeka, ndiye Mmalawi wogwira ntchito kumeneko ali ndi chifukwa chomveka chotumizira pepala ku Pretoria. Ngakhale kuno aphunzitsi amakokedwa kuti alembe m'magazini za ku Britain ndi za ku Ulaya. Sindingauze munthu wa ana atatu kuti ataye mwayi wokwezedwa chifukwa chokonda dziko. Koma magazini silowa m'kaundula ndi mapemphero. Imalowa ikamatuluka pa nthawi yake ndi mapepala amene ena amawatchula, ndipo mapepala otere ali m'manja mwa anthu amene anakwezedwa kale. Pulofesa amene wafika pamwamba sataya kanthu akapereka pepala lake labwino kwambiri la chaka ku magazini ya kumudzi, osati zotsalira zimene zakanidwa kwina. Madokotala athu anatisonyeza kale kuti n'zotheka: Malawi Medical Journal, ya ku sukulu ya udokotala ku Blantyre, imapezeka pa PubMed ndipo anthu akunja amatumizako mapepala awo. Ma senate a mayunivesite athu ndi National Council for Higher Education nawo ali ndi mbali yawo, yoti pepala lounikidwa bwino kumudzi liziwerengedwa mokwanira pokweza munthu. Akapanda kutero, achinyamata ena amagwera m'magazini zachinyengo zija zimene zimalandira chilichonse m'masiku atatu bola munthu alipire madola, chifukwa chakuti dzina lake likumveka lakunja.

Za ndalama sindichedwapo. Kusindikiza pa pepala n'kodula, koma magazini ya lero siyenera kudikira makina osindikizira. African Journals Online yakhala ikusunga magazini za mu Africa kuyambira 1998, pulogalamu ya Open Journal Systems yoyendetsera mapepala ndi yaulere, ndipo kuyambira 2018 GOALI, ya m'gulu la Research4Life, imatsegulira mayunivesite a m'mayiko ngati lathu mabuku ndi magazini za malamulo zimene kuno malaibulale amalipira kudzera mu IReL. Chodula chenicheni ndi nthawi ya mkonzi, amene ayenera kuyankha kalata, kukumbutsa wounika wochedwa, ndi kuuza wolemba zoona pasanathe miyezi ingapo. Anthu ambiri amene anasiya kutumiza mapepala ku magazini za m'mayiko athu sanathawe kukanidwa, anathawa chete. Yunivesite imene ikufuna magazini yamoyo imuchepetsere mkonzi maola ophunzitsa, monga imachitira ndi mkulu wa dipatimenti.

Ife okhala kunja kuno tili ndi gawo limene sitingalikankhire kwa wina. Amene ali ndi digiri ya malamulo ndipo akuphunzira kapena kuphunzitsa ku Dublin, Galway kapena Maynooth ali ndi laibulale imene mnzake wa ku Zomba angaisirire, ndipo angalembere akonzi a kumudzi kuti ali wokonzeka kuunika mapepala awiri pa chaka ndi kubweza lipoti pasanathe mwezi. Mitu yolemba nayo ili pafupi. Bungwe la Irish Rule of Law International, lokhazikitsidwa ndi maloya a kuno, lakhala likugwira ntchito ku Lilongwe kuyambira 2011 pa nkhani ya anthu okhalitsa pa rimandi ndi ya ana olakwira malamulo. Mayiko awiriwa, Malawi ndi Ireland, anatengera malamulo awo ku England, onse ali ndi malamulo aakulu olembedwa amene makhoti amawagwiritsa ntchito kugwetsa malamulo ena, ndipo kufananitsa mmene amachitira ndi belo ndi nthawi yosunga munthu asanazengedwe mlandu kungatulutse pepala lamphamvu. Pepala lotero lingalandiridwe kuno mosavuta, koma woliwerenga amene angasinthe nalo kanthu ndi woweruza amene mawa adzakhala ndi fayilo ya mkaidi wa ku Maula patsogolo pake.