Nambala za pa mapu a ndege si zokongoletsa

Akonzi, ndiloleni ndilankhulepo za ndege zing'onozing'ono za mabwana, zija amazitcha majeti. Anthufe tikaona ndege ikutsika timangoti yafika, koma amene timadyera pabwalo la ndege timadziwa kuti potsika ndi pamene pagona mayeso enieni.

Ine ndimakhala ku New Jersey m'dziko la America, komwe ndimagwira ntchito yothira mafuta majetiwa. Nyumba yomwe ndimachita lendi ili kunsi kwa njira imene ndege zimatsikira, choncho nkhaniyi ndimagona nayo ndi kudzuka nayo.

Ndege ikamayandikira mzinda waukulu siyitsika mwachisawawa. Pamapu a woyendetsa pamakhala malo a m'mlengalenga okhala ndi mayina, ndipo ambiri ali ndi nambala: pano udutse pa mafiti akutiakuti. Amatero chifukwa pamwamba kapena pansi pako pakudutsa ndege ina, ndipo mpata wa pakati panu kawirikawiri umakhala mafiti 1,000 okha.

Masamu ake ngosavuta. Kuti ndege itsike mafiti 1,000 imafuna mtunda wa mamailosi atatu. Amene ali pa mafiti 37,000 ndipo wauzidwa kudutsa malo ena pa 10,000, ayenera kuyamba kutsika kukadali mamailosi 81. Kuwonjezera apo, kuno lamulo sililola liwiro loposa manoti 250 pansi pa mafiti 10,000, ndipo jeti imavuta kutsika ndi kuchepetsa liwiro nthawi imodzi. Wochedwa kuyamba wazigwiriragwirira kale.

Nanga akatswiri amaiphonya bwanji nambala yolembedwa poyera? Oyendetsa amene ndimacheza nawo podikira mafuta amatchula zinthu zofanana. Owongolera ndege akasintha njira mwadzidzidzi, nambala zina zimatha kufufutika mukompyuta. Mwina onse awiri aweramira mabatani osayang'ana zomwe ndege ikuchita. Komanso woyendetsa jeti ya bwana sakhala ndi njira imodzi ya tsiku ndi tsiku: lero kuno, mawa bwalo lomwe sanaterepo. Ndi iye yemwe amanyamula zikwama, kuitanitsa galimoto ndi chakudya, bwana ali kumbuyo akuyang'ana wotchi.

Zomwe zidachitika pa 15 May 2017 sitiziiwala. Jeti ya mtundu wa Learjet 35A idanyamuka ku Philadelphia kubwera pabwalo la Teterboro, ulendo wa pafupifupi theka la ola, ilibe munthu wina koma oyendetsa awiri. Bwalo la Teterboro lili pafupi ndi bwalo lalikulu la Newark, choncho ndege zake zimayenera kudutsa chapansi. Awiriwa adauzidwa kudutsa pamalo otchedwa DANDY pa mafiti 1,500, kenako ayambe kukhota pamalo otchedwa TORBY kuti akatere pamsewu wina. Pa DANDY adadutsa ali pamwamba, pa TORBY sadakhote. Pokumbukira n'kuti bwalo lili pafupi kwambiri. M'malo mokwera n'kukayambiranso, adakhota mwamphamvu ali pansi, mapiko adalephera kunyamula ndege, ndipo idagwera m'dera la Carlstadt. Onse awiri adafera pomwepo. Mwamwayi palibe munthu wapansi amene adavulala, ngakhale nyumba ndi magalimoto zidapsa.

Bungwe lofufuza ngozi la NTSB lidapeza kuti awiriwa sadakambirane za katsikidwe asanayandikire bwalo. Lidapezanso kuti wamkulu adasiyira chiwongolero wothandizira wake, yemwe malamulo a kampani sankamulola kuyendetsa. Wothandizirayo adapempha kangapo kuti wamkulu achilandire, koma adalandira mochedwa.

Sindikunena kuti nambala ya pa DANDY ndiyo idagwetsa ndege. Koma inali chenjezo lakuti ndege yawatsogolera, iwo akuithamangira pambuyo. Pamenepo mpata udalipo wouza owongolera ndege kuti sitikwanitsa, tipatseni njira ina. Mawu amenewo ndi ololedwa, ndipo mtengo wake ndi mphindi zochepa ndi mafuta basi. Mafutawo ndithira ine, nkhawa ichoke.

Chimene ndimasirira kuno ndi ndondomeko ya ASRS, yomwe bungwe la NASA lakhala likuyendetsa kuyambira 1976. Woyendetsa akaphonya nambala amalemba yekha zomwe zachitika, dzina lake limachotsedwa, ndipo anzake amaphunzirapo. Cholakwa chobisidwa chimadikira munthu wina.

Kwa achinyamata akwathu amene mukulakalaka kudzayendetsa ndege, langizo langa ndi ili: werengerani masamu anu kukadali kutali, ndipo mukaona kuti sizitheka nenani msanga, ngakhale mwakhala pambali pa wamkulu. Nambala ija ndi pangano lanu ndi anthu amene simukuwaona, a mundege inayo ndi ife a m'nyumba zapansi. Bwana achedwe kumsonkhano, koma afike. Paja akulu adati kuthamanga sikufika.