A McKellen, Macbeth ndi ngongole yanga yakale

Aphunzitsi anzanga, komanso inu ana anga akale amene mwabalalika m'dziko muno ndi kunja komwe. Ena mwa inu tikakumana mumandifunsabe kuti, "Sala, agogo anu aja ali bwanji masiku ano?" Amene munadutsa m'manja mwanga mukudziwa agogo ake: a Ian McKellen, katswiri wa zisudzo wa ku Britain, amene zithunzi zawo zinadzaza chitseko cha kabati yanga ya mabuku. Ndikudziwanso kuti kuseri munkanditchula Gandalf. Musaganize kuti sindinkamva! Lero ndikamba za iwo, koma mkati mwa nkhaniyi muli kanthu kamene ndakhala ndikubisa zaka zambiri, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiulule ndisanapume pa ntchito.

Ambiri anawadziwa a McKellen chifukwa cha mafilimu a The Lord of the Rings amene anatuluka kuyambira 2001 mpaka 2003. Ine ayi. Ine ndinawadziwira pa kaseti ya vidiyo ya Macbeth imene mnzanga wina anandibwereka nthawi imene bukuli linali pa silabasi ya MSCE. Seweroli analikonza ndi a Trevor Nunn mu 1976 ku Stratford-upon-Avon, kwawo kwa Shakespeare, ndipo analijambula kuti lionetsedwe pa wailesi ya kanema mu 1979. A McKellen anali Macbeth, mayi Judi Dench anali Lady Macbeth. Tinkaonera pa ka TV kakang'ono, ana makumi asanu ndi awiri atapanikizana m'kalasi, mazenera titatseka ndi mabulangete, jenereta ikulira panja.

Chimene chinandigwira mtima si Chingerezi chawo chokha. Munalibe nyumba yachifumu m'sewero limenelo, munalibe akavalo, munalibe nkhalango. Malo amene ankachitiramo, otchedwa The Other Place, anali chishedi cha malata. Pansi anangojambula mzere wozungulira, ndipo ochita sewero ankakhala pa mabokosi m'mbali mwa mzerewo kudikira nthawi yawo yolowa. Basi. Koma mayi Dench atalira pamene Lady Macbeth akuyenda ali m'tulo, mtsikana wina wa Fomu 4 anabisa nkhope mu juzi, ndipo anyamata a kumbuyo, amene sankatha mphindi zisanu osasokosera, anangoti zii. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti ana athu sadana ndi Shakespeare. Amadana ndi kumuwerenga ngati mndandanda wa mankhwala.

Kuyambira pamenepo ndinakhala sapota. Anzanga akamakangana za Bullets ndi Wanderers, ine ndinkasunga makwacha anga kuti Loweruka ndikakhale theka la ola pa intaneti kutauni, kufufuza kumene agogowo apita. Ndipo ndinapeza kuti munthuyu sakhala pansi. Anabadwa mu 1939 ku Burnley, kumpoto kwa England, ndipo chiyambire unyamata wawo akhala ali pa msewu. Mu 1972 anathandiza kuyambitsa gulu la Actors' Company, mmene onse ankalandira malipiro ofanana ndipo amene wachita mfumu lero, mawa ankachita wantchito. Mu 1978 anatsogolera kagulu ka Royal Shakespeare Company kukachita Twelfth Night ndi Three Sisters m'matauni ang'onoang'ono, m'maholo wamba, kwa anthu amene sakanatha kupita ku Stratford kapena ku London. Mu 2007 anatenga King Lear n'kupita naye ku Singapore, Australia, New Zealand ndi America. Zonsezi ndinkakuuzani m'kalasi monyadira, ngati ndi amalume anga enieni. Ndinkakuuzaninso kuti mayi Dench, akadali mtsikana mu 1963, anayenda kumadzulo kwa Africa, ku Nigeria, Ghana ndi Sierra Leone, akuchita Lady Macbeth yemweyo ndi gulu la Nottingham Playhouse.

Tsopano tifike pa kanthu kanga kaja.

Chaka china kalabu yathu ya drama inakonza Macbeth, moduladula kuti akwane ola limodzi. Amene munalimo mukukumbukira: malupanga a nsungwi, chisoti chachifumu cha katoni ya sopo, ndi afiti atatu aja amene anaopseza ngakhale ahedi. Mbiri inamveka. Mphunzitsi mnzanga wa pa sekondale ina yoyendera, kumudzi ndithu, kupitirira pamene tala amathera, anandilembera kalata. Anati ana ake ali ndi mabuku asanu okha kalasi yonse, ambiri sanaonepo sewero la Chingerezi, ndipo mayeso ayandikira. Anapempha kuti tipite tikawachitire. Ndinavomera msanga, mwina chifukwa chofuna kutamandidwa, ndipo tinapangana Loweruka.

Sabata imeneyo ndinayamba kuwerengera. Lole yobwereka inkafuna mafuta. Kumeneko kulibe holo, kulibe magetsi, kulibe nsalu yotchinga. Fumbi likaononga zovala zimene tinkasungira mpikisano wa ATEM. Ndipo, ndinene zoona, mumtima ndinkati ana a kumeneko sakamva kalikonse, tikangotaya nthawi. Lachinayi ndinalemba kakalata kopepesa n'kupatsa kondakitala wa minibasi yopita mbali imeneyo kuti akasiye pa golosale ya pafupi ndi sukuluyo. Inu a mu kalabu ndinakuuzani kuti eni ake asintha maganizo. Linali bodza. Loweruka limenelo ndinakhala kunyumba n'kumachonga makope.

Mnzanga uja sanandilemberenso, ndipo ine ndinayesa kuti nkhani yatha. Patapita zaka ndinamva kuti anamwalira. Sindinapite ku maliro chifukwa uthenga unandipeza mochedwa.

Mu 2010 ndinawerenga nkhani imene inandisowetsa mtendere. A McKellen anali akuchita Waiting for Godot, sewero la Samuel Beckett. Anayamba mu 2009 ndi mnzawo Patrick Stewart, kuzungulira mizinda ya ku Britain asanalowe mu London. Chaka chotsatira, ali ndi a Roger Rees, anapita ku Australia ndi New Zealand, kenako ku South Africa, ku Fugard Theatre mu mzinda wa Cape Town. Ali kumeneko sanakhutire ndi anthu a matikiti a m'tauni. Ananyamula sewero lonse n'kukalichita mu holo ya zamasewera ku Khayelitsha, komboni yaikulu ya kunja kwa mzindawo. Munthu wa zaka 71, wodziwika dziko lonse lapansi. Ndinadula nkhaniyo n'kuimata pa kabati monga mwa nthawi zonse, koma sindinakuwerengereni m'kalasi. Ndinachita manyazi.

Manyazi enieni anabwera pambuyo pake. Tsiku lina ndili pa mzere kuchipatala, namwino amene ankandiyeza magazi anayang'ana dzina langa pa kabuku n'kundifunsa ngati ndine mphunzitsi wa drama uja. Ndinavomera mokondwa, kuyesa kuti ndi mmodzi wa inu. Iye anati ayi, anaphunzira ku sekondale yoyendera ija. Anandiuza, akumwetulira, wopanda mkwiyo ngakhale pang'ono, kuti kakalata kanga sikanafike. Loweruka lija iwo analawirira kusesa pansi pa mtengo wa mango, anatulutsa mabenchi onse, ena anakabwereka mipando kutchalitchi. Makolo ena anabwera, ndi amfumu omwe. Amayi anaphika nsima ya alendo. Galimoto iliyonse ikamveka patali, ana ankathamangira kumsewu. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza mphunzitsi wawo anaimirira pakati pa bwalo, natenga buku, nayamba kuwerenga yekha mbali zonse, mawu a Macbeth ndi a mkazi wake ndi a afiti omwe, kuti anthu asabwerere chabe.

Amene munawerenga Godot mukudziwa kuti ndi nkhani ya anthu awiri odikira munthu amene safika. Koma ngakhale mmenemo, madzulo kamnyamata kamabwera kudzanena kuti lero sabwera. Ine ngakhale kamnyamatako sindinatumize koyenera. Namwino uja anandimata thonje pa mkono n'kunena kuti, "Musadandaule bambo, Literature ndinakhoza." Ndinatuluka osatha kuyankha.

Ndikudziwa zimene ena a inu aphunzitsi anzanga munene, chifukwa inenso ndinadzinenera zomwezo zaka zambiri. Azungu aja ali ndi ndalama. Ulendo wa mayi Dench unalipiridwa ndi British Council. A Shakespeare's Globe atatenga Hamlet kuzungulira dziko lapansi kuyambira pa 23 April 2014 mpaka pa 23 April 2016, n'kufika maiko 197, sanayende ndi ndalama za m'thumba mwa mphunzitsi. N'zoona zimenezo, ndipo sindikufuna kunamiza aliyense kuti kuyenda ndi ana makumi awiri n'kopepuka. Pamafunika chilolezo cha makolo, chakudya, mayi woyang'anira atsikana, ndi mafuta amene mtengo wake sugona. Koma ndikadzifunsa moona mtima, si mafuta amene anandiletsa. Tikanatha kupita anthu khumi pa njinga. Macbeth amene ndinkamutamanda tsiku ndi tsiku anali wa mzere wojambula pansi ndi mabokosi okhalira, ndipo ine ndinakana kupita chifukwa kulibe nsalu yotchinga. Ndiponso sindinkafunika kuphunzira zimenezi kwa azungu. Malemu Du Chisiza Jr. ndi gulu lawo la Wakhumbata ankayenda m'masukulu ndi m'maholo a m'maboma, ndipo a Travelling Theatre a ku Chancellor College ankachita masewero pabwalo, m'midzi. Ndinkawadziwa onsewa. Chinandiletsa ndi kunyoza.

Agogo aja sanaleke kuyenda. Mu 2019, pokondwerera zaka 80, anakonza sewero la munthu mmodzi n'kuzungulira nalo malo a zisudzo oposa 80 ku England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland, aakulu ndi aang'ono omwe. Pa nsanja ankangokhala ndi bokosi la katundu. Ankayamba ndi Tolkien, kenako n'kupempha oonera kuti atchule masewero a Shakespeare, iwo n'kumachitako mbali zake. Phindu linkatsala pa malo amene achitirapo, ndipo sewero likatha ankaima pakhomo ndi chidebe kupempha anthu kuti aponyemo kangachepe. Tangoganizani, Gandalf ndi chidebe!

Kenako mu June 2024 kunabwera nkhani imene ambiri a inu munanditumizira pa foni usiku womwewo. Akuchita Falstaff mu Player Kings ku Noël Coward Theatre mu London, pa nthawi ya nkhondo, anaterereka n'kugwa kuchoka pa nsanja. Anali ndi zaka 85. Anavulala dzanja ndi khosi, ndipo madokotala atawalangiza, anasiya ulendo umene unakonzedwa wopita ku mizinda ina monga Bristol ndi Newcastle. Chimene ndinachiona n'chakuti ulendowo sunafe. A David Semark, amene anaphunzira mbaliyo ngati wogwirizira, anavala zovala za Falstaff, ndipo anthu amene anagula matikiti anaonera sewero lawo. Munthu anagwa, koma amene ankadikira sanadikire pachabe.

Nkhani imeneyo inandikumbutsa kuti nanenso mawondo ayamba kulankhula, ndipo masiku anga ogwira choko atsala owerengeka. Mnzanga uja sindingathe kumupepesa. Ana amene anasesa bwalo lija ndi akuluakulu tsopano, ena ali ndi ana awo ku sekondale. Madzi akatayika saoleka. Koma sukuluyo ikadalipo, ndipo ndafufuza, mtengo wa mango uja sanaudule.

Tsono nazi zimene tagwirizana ndi kalabu ya chaka chino. Tikonza Macbeth wa ola limodzi, wopanda nsalu yotchinga, wopanda magetsi. Mzere tidzajambula ndi phulusa. Pakati pa zigawo mtsikana mmodzi azidzafotokoza m'Chichewa zimene zachitika, kuti makolo ndi agogo atsatire nawo. Ahedi a kumeneko ndalankhula nawo ndekha, maso ndi maso, osati kudzera kwa kondakitala, ndipo ndawauza nkhani yonse monga ndakuuzirani inu. Anaseka, kenako anati tibwere mvula isanayambe.

Kwa inu a kalabu yakale ija, pepani kuti ndinakunamizani. Munali okonzeka kupita, ndipo ndikukumbukira kuti Macduff wathu anakhumudwa kwambiri. Ngati alipo wina mwa inu ali ndi kalole, kapena akudziwa mwini wake wa mtima wabwino, andiuze. Ngati palibe, tipalasa njinga. Amene muli pafupi ndipo mungapeze mpata Loweruka limenelo, bwerani tidzapitire limodzi. Mipando ikachepa mudzakhala pa mabokosi. Ndipo inu aphunzitsi anzanga amene muli ndi makalabu amphamvu m'matauni, taonani m'madirowa mwanu ngati mulibe kalata ya mtundu umenewu imene simunayankhe.

Namwino uja ndamutumizira uthenga kuti tsiku likadziwika ndimuuza. Wayankha kuti akapeza tchuthi abwera, koma ulendo uno sasesa nawo mpaka ataona lole ndi maso ake.