Zomwe ndinaphunzira pa Nchenachena

Mwezi watha tinanyamuka ku Mzuzu kupita ku maliro a malume kufupi ndi Livingstonia. Dzulo lake ndinali nditasinthitsa rediyeta chifukwa yakale inkadontha, choncho mtima unali m'malo. Titadutsa pa Njakwa ndi pa Mhuju, msewu unayamba zitunda. Pofika pa Nchenachena, m'munsi mwa mapiri a Nyika momwe alimi amalima khofi, nthunzi inali tolotolo m'boneti.

Bambo wina wokonza njinga zamoto anatilonjera m'Chitumbuka, natiletsa kutsegula chivundikiro cha rediyeta injini isanazizire. Kenako tinaliza injini mpaka kutenthanso, koma fani inangoti zii. Anayang'ana fyuzi, inali bwino. Atalumikiza fani ku batire ndi waya, inazungulira. Vuto linali pulagi yake: makaniko anaiwala kuibwezera.

Anatifotokozera kuti pothamanga mphepo imaziziritsa yokha madzi, koma pachitunda, galimoto ikamakwawa, imadalira fani.

Ndalama anakana. "Muli pa ulendo wa maliro, adada," anatero. Tinapeza mwambo wa kumanda usanayambe.

Madalaivala anzanga, mukasintha rediyeta musachoke pa galaja musanaone fani ikuzungulira.