Za Ophunzira Kusunga Buku la Antchito

Abale, pali mawu amene amveka masiku ano m'makomo a makolo amene ana awo atsiriza maphunziro a ku yunivesite, ndiwo akuti, "Mwanayo ali pa internship." Ena awanena mokondwa, ena mwamanyazi, monga ngati mwana wabwerera ku sitandade wanu. Tanthauzo lake ndi ili: mnyamata kapena mtsikana wa digiri aikidwa mu ofesi kanthawi, kuti aphunzire ntchito pansi pa munthu woidziwa, nalandira kandalama ka mthumba kokha, osati malipiro enieni. Boma la Malawi linayamba dongosolo lotere m'chaka cha 2018 kudzera mu Unduna wa Zantchito, ndipo oyambawo ankalandira K80,000 pa mwezi.

Ife tifuna kunena za gulu limodzi mwa iwo, ndilo la amene aphunzira kuyang'anira antchito. Awa ndiwo olemba munthu ntchito, osunga buku la masiku ake ndi la malipiro ake, omva madandaulo ake, ndi omlembera kalata tsiku lomchotsa. Kuno kwa Chowe, kumene ambiri adya za m'munda ndi za m'nyanja, ntchitoyi ioneka yachilendo. Koma tsikani ku boma la Mangochi, muone maofesi a khonsolo, chipatala, ndi mahotela a m'mbali mwa nyanja. Paliponse pamene pali antchito ambiri pali munthu wosunga buku lawo, ndipo ana athu ambiri adya kapena agona ndi njala monga mwa cholembera chake.

Kodi n'chifukwa ninji munthu amene wakhala zaka zinayi m'sukulu yapamwamba ayenera kukhalanso pansi pa wina? Ife aphunzitsi sitidabwa nazo. Tinatuluka ku sukulu ya uphunzitsi mitu itadzaza njira zophunzitsira. Koma kukhazika chete ana makumi asanu ndi limodzi, ena anjala, ena odwala malungo, tinakuphunzira poyang'ana mphunzitsi wamkulu amene anatiika pambali pake. Nawonso asodzi a ku Malindi sapatsa mlovi watsopano nyali ya siginala usiku woyamba. Ayamba wapalasa ndi kukoka chilimira kufikira adziwa madzi.

Malamulo mwanayo awadziwa kale. Adziwa kuti lamulo la zantchito la 2000 linaika maola 48 pa sabata, ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masabata asanu ndi atatu kwa mayi wobereka. Adziwa kuti munthu sachotsedwa ntchito chifukwa cha mlandu asanapatsidwe mpata wodziyankhira, ndi kuti wolakwiridwa akhoza kupita ku bwalo la milandu ya zantchito. Zonsezi zili m'buku. Chimene sichili m'buku ndicho nkhope ya mlonda wokalamba amene waima pakhomo, chipewa chili m'manja, kufunsa chifukwa chake masiku atatu asowa pa malipiro ake. Kodi umkhazika pansi, kapena umuuza kuti abwere mawa? Ndipo bwana akati, "Lemba kuti anajomba," iwe ukudziwa kuti anali kumaliro ndipo anapempha chilolezo, ulemba chiyani? Izi mwana aziphunzira poona chimene mkulu wake achita. Ndipo ngati mkuluyo ali wokhota, achiphunziranso chokhotacho, pakuti mwana wa ng'ombe upeza akudya udzu amene anaona amake akudya.

Tisayese kuti buku lotere n'chinthu chaching'ono. Makolo athu anadziwa kuwawa kwa thangata, ndi kwa tikiti ya ntchito imene kapitawo aichonga kapena aleka kuichonga monga afuna mwini. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero anthu anadandaula kuti agwiritsidwa ntchito yoposa muyeso nalipidwa mochepa, ndipo kudandaulaku kunali chimodzi mwa zinthu zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915. Lero wosunga bukuyo sali mlendo ayi. Ali mwana wathu, wobatizidwa m'tchalitchi mwathu kapena wophunzira ku madrasa a anansi athu Asilamu. Chifukwa chake tikondwera kuti ayambe ntchito yake ali wamng'ono mu ofesi, wolandira zochepa, wodikira tsiku la malipiro monga adikira mlonda uja. Amene wawerengapo masiku otsala m'mwezi, ufa utatha, sachedwetsa pepala la mnzake mwachisawawa.

Koma sitibisa choipa chimene tichiona. Alipo akulu a maofesi amene ayesa ophunzirawa ngati amithenga: kuphika tiyi, kunyamula mafayilo, kukagula chakudya chamasana, ndipo chaka chitha mwana asanaone m'kati mwa buku la malipiro. Alipo ena amene achita zosiyana, namsenzetsa ntchito yonse ya kalaliki wolembedwa, kuti asalembe munthu wa malipiro athunthu. Nthawi ikatha amtsanzika natenga wina. Zonse ziwiri n'kuba, pakuti mwanayo analola kandalama kochepa chifukwa analonjezedwa maphunziro.

Tsono inu makolo, mwana akabwera kudzacheza, musamfunse za ndalama zokha, pakuti pamene walipira nyumba ndi kabaza sipatsala zambiri zotumiza kumudzi. Mfunseni kuti akhala pansi pa yani, ndi kuti mwezi uno wagwira chiyani ndi manja ake: kodi wawerengerapo munthu tchuthi, kodi wakhalapo pa mlandu wa wantchito nalemba zonenedwa? Internship silonjeza ntchito, ndipo ambiri abwerera kumudzi kukadikira. Asanachoke, apemphe kalata ya umboni yotchula ntchito zimene anagwira, imodzi imodzi, yokhala ndi dzina la mkulu wake ndi chidindo cha ofesi.