Munda wa Amayi Utasanduka Puloti

Ndinakulira ku Area 23 m'zaka za m'ma 1980, Lilongwe akadali likulu lakhanda, poti boma linali litasamuka ku Zomba mu 1975. Bambo anali mesenjala ku Capital Hill, koma nsima ya pakhomo pathu inkachokera kumunda wa amayi, kuseri kwa lokeshoni, ulendo wa ola limodzi wapansi. Mundawo anatipatsa ndi amfumu a mudzi wina wa kumeneko. Amayi anapita ndi nkhuku m'manja, n'kugwada. Amfumu analoza ndi ndodo: "Kuyambira pachulu icho, kutsika ndi khonje uyu, mpaka pamkuyu paja. Muzilima, mayi." Nkhani inathera pomwepo. Panalibe cholembera, panalibe chidindo, ndipo palibe amene anaona chosowa.

Kusukulu khasu linali chilango. Wochedwa, wolongolola m'kalasi, woiwala yunifolomu, onse ankakumana m'munda wa sukulu kapena pachitsa choti azule. Pawailesi tinkamva kuti chuma chili m'nthaka, a Kamuzu akutchedwa Mchikumbe Nambala Wani, koma kunyumba amayi ankati, "Limbikira sukulu, mwanawe, usadzakalambe ndi khasu ngati ine." Choncho dzina langa litatuluka mu 1992 kuti ndasankhidwira ku Bunda, chimwemwe chinali chosakaniza. Atsibweni anandiyang'ana n'kupukusa mutu. "Zaka zonsezi pasukulu, n'kukathera kophunzira kulima? Nanga amako kulima anakaphunzira kuti?" Iwo ankafuna loya wa ku Chancellor College kapena injiniya wa ku Polytechnic.

Bunda nthawi imeneyo inali nthambi ya University of Malawi. Unkakwera basi ya ku Mitundu, makilomita pafupifupi 30, mpaka kuona phiri lija la mwala likusuzumira minda ndi makola a koleji. Kumeneko ndinaphunzira kuti dothi limayankhula. Mphunzitsi wina ankatitapitsa dothi, kulinyowetsa, kulifinya pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Likapanga kalamba kosaduka, ndi makande. Likamwazika, ndi mchenga, ndipo feteleza wako apita ndi mvula yoyamba. Tinaphunzira kudula mizere ya akalozera pamalo otsetsereka, kubzala vetiva, kuwerengera mbewu pa hekitala. Funso lathu linali limodzi: nthakayi ingabereke bwanji zochuluka?

Panali phunziro lina limene tinkaodzera nalo. Linali la malamulo a malo: lamulo la 1967, ndi m'mene m'madera ena a kumadzulo kwa Lilongwe malo a mabanja anayezedwa n'kulembetsedwa m'dongosolo lotchedwa ndunda. Tinkaloweza kuti tikhoze mayeso basi. Malo analipo, amfumu analipo, nanga vuto linali pati? Titamaliza, ambiri a ife sitinakhalitse pakhomo. Ena analowa m'boma, ena ku ADMARC, ena kumakampani a fodya ku Kanengo. Ine ndinkayendera alimi panjinga yamoto, ndipo atsibweni aja anayamba kunditchula kuti bwana.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Tsiku lina mu Okutobala 2009 amayi anapita kukasosa, n'kubwerera dzuwa lisanakwere, khasu lili paphewa. M'munda anapezamo uvuni wa njerwa. Mawa lake ndinapita nawo. Chulu chija chinali chitagumulidwa n'kuumbidwa njerwa, khonje atazulidwa, ndipo m'makona munali tizipilala ta simenti. Amfumu akale anali atamwalira. Amene analowa m'malo anatilandira mwaulemu, n'kutipatsa mpando, kenako anafunsa, "Pepala lanu lili kuti, mayi?" Amayi anatembenukira kwa ine, mwana wawo wa digiri. Ndikanatha kuwauza mchere umene ukusowa m'dothi limenelo, koma ndinalibe mawu otsimikizira kuti dothilo ndi lawo. Tinabwerera osayankhulana. Lero pamalopo pali nyumba za lendi ndi kagolosale.

Sikuti zinagwera ife tokha. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'dziko muno; wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, ndipo mzinda wa Lilongwe wokha unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Nthaka sinakule. Minda imene inkadyetsa anthu a ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo inadulidwa mapuloti, ndipo munthu wa m'tauni wofuna kulima tsopano amakachita lendi kutali, ndalama patsogolo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a malo, ndipo lokhudza malo a mafumu linayamba kugwira ntchito mu 2018. Limalola munthu kapena banja kulembetsa malo a makolo n'kulandira satifiketi. Komiti yoona za malo imatsogozedwa ndi a gulupu, ndipo mwa mamembala 6 osankhidwa, osachepera atatu ayenera kukhala amayi.

Bunda nayo inasintha. Mu 2012 inachoka ku University of Malawi n'kukhala phata la LUANAR, momwe mulinso Natural Resources College. Mwana wa mlongo wanga, wokulira ku Area 25, anasankha yekha kukaphunzira kumeneko za kasamalidwe ka malo ndi madzi, ndipo palibe anamuseka. Kungoti atamaliza, njinga yamoto ya boma sinamudikire. Makalata ofunsira ntchito anatumiza mpaka kutopa. Kenako anachita lendi maekala awiri cha ku Mitundu n'kubzala soya ndi mtedza. Feteleza atakwera mtengo anaphunzira kupanga manyowa a Mbeya, kusakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono. Mitengo amafunsiratu pa WhatsApp asanakweze matumba kupita nawo kumsika wa Mgona, kumene mavenda a mtedza sachedwa kumupusitsa wobwera osadziwa.

Chimene chinandigwira mtima ndi tsiku limene ankatenga mundawo. Mwini wake anati ndi maekala atatu. Mtsikanayo anatulutsa foni, n'kuzungulira malire onse wapansi, GPS ikulemba. Anapeza awiri ndi kachidutswa. Kenako anatulutsa pepala la mgwirizano, nasainitsa mwinimunda, amfumu ndi mboni ziwiri. Ndinamunong'oneza kuti akuchititsa manyazi akuluakulu. "Amalume," anatero, "manyazi ndi amene anadyetsa munda wa agogo." Tsopano alimi a kumeneko amamuitana kuti akawayezere minda, ndipo amamulipira.

Chaka chatha tinapita kumudzi kwa amayi, kumene kwatsala kamunda ka makolo awo. Amayi, amene tsopano amayendera ndodo, anatsogola. Ankaloza chitsa, mwala, mzere wa nthochi, mdzukulu wawo akutsatira ndi foni, ine pambuyo nditanyamula mpando. Titafika pomwe tinayambira, anakhala pansi n'kupuma kaye. Kenako anati, "Iwe, lemba bwinobwino pamenepo. Dzina langa ulilembe lonse, ndi la bambo anga lomwe."