Nsima ya supuni

Lachitatu lapitali ndinadya nsima ndi supuni. Ine, mwamuna wa zaka 54, wobadwira ku Ntcheu kumene mwana asanadziwe kuyankhula amakhala atadziwa kale kuumba mbamu. Akazi anga anayang'ana kumbali ngati sanaone. Manja ndiwo akana. Mapiritsi ndikumwawa, capecitabine, afiiritsa zikhatho zanga, khungu likusupuka ngati la njoka yofundula, ndipo chilichonse chotentha ndikachikhudza chimakhala ngati khala lamoto.

Zinayamba mu Novembala. Mwezi umenewo kwathu anthu amayang'ana kumwamba kudikira mvula yoyamba, koma kuno ku Leeds kumada 4 koloko isanakwane bwino. Tili pa tebulo, akazi anga anandigwira chibwano n'kunditembenuzira ku getsi.

"Bambo, tayang'anani kuno. Maso anuwa atani?"

Anali achikasu ngati dzira lokazinga. Khungu lathu lakudali limabisa chikasu, chimaonekera m'maso basi. Ndinali nditatha masabata ndikudzikanda usiku wonse mpaka kugwiritsa ntchito chipeso, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chotuwa ngati phulusa, koma ndinkangoti ndi kutopa. Amunafe timatero.

Dokotala anajambula papepala: apa chiwindi, apa kathumba ka ndulu, apa kanjira kopyapyala kamene ndulu imatsikira kupita m'matumbo kukathandiza kugaya mafuta. Kenako anadetsa ndi bolopeni kumunsi kwa kanjirako. Chotupa chatseka pamenepa, ndulu yabwerera m'magazi. Dzina lake ndi cholangiocarcinoma, khansa ya njira ya ndulu. Iye akulongosola, maganizo anga anali kuseri kwa khitchini ya amayi, ndikutumbula nkhuku ya Khirisimasi, iwo ali chilili pamutu panga: "Samala ndulu iwe, ikaphulika ndiwo zonse ziwawa." Kanthu kobiriwira kaja, kosakwana ndi chala chomwe, tinkakadula mosamala n'kukaponyera agalu.

Poyamba anandilowetsa kapaipi ka kamera kudzera pakamwa, n'kusiya kachubu kotsegula njira, kamene amati stent. Masiku ochepa chabe kuyabwa kunaleka. Mu Januwale ndinachitidwa opaleshoni ya Whipple, imene imatha maola ambiri: anachotsa kathumba ka ndulu, mbali ya njira ija, mutu wa kapamba ndi chiyambi cha matumbo aang'ono, zotsalazo n'kuzilumikiza mwatsopano. Kuyambira pamenepo sindidya kanthu popanda makapisozi a Creon, apo ayi chakudya chimangodutsa. Tsopano ndi mapiritsi aja, m'mawa ndi madzulo kwa masabata awiri, sabata imodzi kupuma, maulendo 8. Ndili pa ulendo wachisanu.

Za chipatala cha kuno sindinganame, mankhwala alipo, makina alipo, ndipo anamwino amandiitana ndi dzina. Chimene kulibe ndi mudzi.

Bambo anga atagonekedwa m'chipatala kwathu, gadiyani anali amayi, koma sanali okha. Ankaphikira kukhitchini kwa magadiyani, kumene azimayi osadziwana amabwerekana mchere ndi moto, wina kuyang'anira mphika wa mnzake akathamangira kuwodi. Sabata ikatha ankabwera azakhali kudzawalandira kuti amayi akasambe bwino n'kuona kumunda. Amayi a Mvano ankafika ndi ufa m'mabeseni ndi nkhuni pamutu, kuimba pang'ono, kupemphera, n'kumapita. Ena obwera kudzazonda ankangokhala pamkeka ola lathunthu osanena kanthu, pochoka n'kuti, "Tawaona." Nthawi imeneyo ndinkaona ngati n'kutaya nthawi. Ndinali mwana.

Kuno gadiyani ndi mmodzi, ndipo ndi yemweyo wolipira lendi. Akazi anga amagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa makolo a eni ake. Akaweruka m'mawa amakwera basi kudzayambiranso kwa ine. Ali ndi kope la sukulu mmene amalemba zonse, mapiritsi angati, ndadya chiyani, ndapita kuchimbudzi kangati, sikelo ikuti bwanji. Amandipaka mafuta m'zikhatho ndi kumapazi, n'kundiveka masokosi ngati khanda. Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi kamakhala m'thumba la zovala zawo, chifukwa anatiuza kuti kakafika pa 38 tisadikire kuti kuche, tiimbe foni nthawi yomweyo. Usiku wina mu Meyi kanafikadi. Anandiveka jekete, kuitana takisi, kukhala nane pampando wa chipatala mpaka mbandakucha, ndipo madzulo ake anapita kuntchito.

Chimene chinawaliza si zimenezi ayi. Lamulungu lina anzathu a kumpingo anabwera anthu asanu, atanyamula mandasi ndi thobwa wa m'botolo, mmodzi akutsokomola. Munthu wa pa mankhwalawa chitetezo chake chimakhala chotsika, chimfine wamba chikhoza kumugoneka m'chipatala. Akazi anga anaima pakhomo n'kuwabweza mwaulemu. Atatseka chitseko anakhala pamasitepe n'kufunda nkhope ndi chitenje.

"Ine kubweza alendo pakhomo, bambo? Amayi anga atamva angati ndaleredwa ndi ndani?"

Achemwali anga anafuna kubwera kudzathandiza. Titawerengera ndalama za chitupa ndi za ndege, yodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi poti yolunjika kulibe, nkhaniyo inangozizira yokha. Pagulu lathu la WhatsApp la Amalawi a kuno, pakamveka zovuta timasonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi. Ndakhala ndikusonkha zaka zambiri osaganizapo kanthu. Masiku ano uthenga wotere ukalowa, akazi anga amaufufuta pafoni yanga ndisanauone, ndipo amaganiza kuti sindidziwa.

Amayi kumudzi sitinawauze mawu akuti khansa. Timangoti ndi vuto la ndulu, madokotala akonza. Kaya akukhulupirira. Mwezi watha anatumiza nsinjiro ndi mfutso wa nkhwani kudzera mwa munthu wobwera kuno, zomangidwa m'mapepala apulasitiki atatu, ndipo nditamasula munamveka utsi wa khitchini ija. Ino ndi Julaye, kwathu kukuzizira, chimanga chili m'nkhokwe, ana akuwotcha mbatata paphulusa. Kuno dzuwa likukana kulowa mpaka cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo ndimagona kunja kukuwala ngati wakuba.

Loweruka ndinawaimbira. Anandifunsa ngati ndikudya, ndinati ndikudya. Anakhala chete kanthawi, tambala akulira chapatali, kenako anati:

"Nanga mpongozi wangayo akumulandira ndani?"

Ndinanamizira netiweki.

Dzulo madzulo akazi anga anaphika nsima ya mgaiwa ndi mfutso wotendera. Supuni sanaibweretse. Anasamba m'manja, n'kuyamba kutema nsimayo, kuumba timbamu ting'onoting'ono, kutindandalika m'mphepete mwa mbale kuti tizizire, monga ankachitira ana athu ali aang'ono. Anaika makapisozi awiri pambali pake ndi kapu ya madzi.

"Izi sizikuwotchani. Idyani ndi manja, bambo."

Anayang'ana wotchi, kuvala yunifomu, kutenga ambulera, n'kuthamangira basi ya 7 koloko.